Gologolo, Gemu ndi Muwanga Wotsiriza

Padangotero, osati kale la makolo ayi, koma kale la dzanadzanali, nyama zitagula kale mafoni, padali Gologolo wina wamasiye amene ankakhala m'mphako ya muwanga. Muwangawo udali mtengo wotsiriza m'dziko lonselo. Ina yonse idali itapita m'matumba a makala a Nguluwe, ndipo nyengo idali itasokonekera: chaka china mvula inkakana kubwera, chaka china inkabwera yonse tsiku limodzi n'kukokolola minda ndi nyumba zomwe.

M'mphakomo ndi mmene Gologolo adabadwira, ndipo ndi mmene amayi ake adamusiyira chuma chawo chokha: njere za mitengo imene idatha, masuku, mbawa, nsangu, bwemba. Adamusiyiranso nyimbo yokwiririra njere, yonena za wokwirira amene amaiwala pamene wakwirira, koma nthaka yosaiwala. Yekha adayesapo kudzala, koma nthaka idali itauma gwa, ndipo tizala ta gologolo sitikumba dzenje lozama. Mbande zake zinkapserera zisanatulutse masamba anayi.

Tsiku lina m'mawa Nguluwe adafika ndi nkhwangwa, nadula chizindikiro patsinde.

"Mayi Gologolo, longedzani. Lolemba ndikuyamba."

"Ndilongedze ndipite kuti, a Nguluwe? Mwandisiyira mtengo wina?"

"Kumbani una. Anzanu a Mbewa akukhala bwanji?"

Nkhani idapita kubwalo la Mayi Nyamalikiti, wapampando wa khonsolo ya nyama zonse, mayi wamtima wabwino koma wokonda kwambiri kumva mawu ake omwe.

"Mayi wapampando," adatero Gologolo, "mtengowu si wanga ndekha. Ndi wa ana athu, amene adzapse ndi dzuwa ife titapita."

Nguluwe adaseka mpaka mano onse pamtunda. "Ana ake ati? Awa amene akugunda zipupa poyenda chifukwa maso ali pa foni? Wangayo Namphuno ndikamuitana katatu amangoti, 'Dikirani ndimalize gawoli.' Ndiponso nyengoyi ndasintha ndine? Utsi wa uvuni wanga ndi wa ndudu poyerekeza ndi wa mafakitale a kutsidya kwa nyanja. Ine ndikungodyetsa banja."

Nyamalikiti adatafuna kanthawi, nati, "Nonse mwanena zoona, ndiye chigamulo ndi ichi. Ngati mtengowu ndi wa achinyamata, aufune okha. Isanagwe mvula yoyamba ya chizimalupsa, ndione achinyamata makumi asanu ali pansi pa muwanga, maso ali kumwamba, akuuyang'ana. Akakwana, mtengo ukhala. Akaperewera ngakhale mmodzi, nkhwangwa ilowe."

"Ndidikira," adatero Nguluwe. "Nkhwangwa siwola."

Gologolo adabwerera kwawo akuimba nyimbo ya amayi ake chapansipansi, mutu ukugwira ntchito.

M'mawa mwake adafalitsa mbiri yoti pansi pa muwanga netiweki imagwira kuposa kwina kulikonse. Achinyamata adabwera mazana awiri: ana a Mbawala, a Nyani, a Fisi, a Nungu, onse. Gologolo adathamangira kwa wapampando kuti adzawalankhule. Nyamalikiti sankafuna kupemphedwa kawiri. Adayamba dzuwa likutuluka, nafotokoza za utsi, za kutentha kwa dziko, za anamondwe, za mmene mvula inkagwera iye ali mtsikana. Dzuwa lidafika paliwombo iye akadali pa mfundo yachiwiri.

Akayang'ana pansi kuchokera kumwamba kwakeko, ankangoona mitu yowerama, yonse zii. Misozi idalengeza m'maso mwake.

"Koma ana aulemu awa! Palibe ndi mmodzi yemwe wandiyang'ana m'maso. Ndani amati mwambo unatha?"

"Taweramani muone ulemuwo, mayi," adatero Nguluwe.

Nyamalikiti adatangadza miyendo, natsitsa khosi mpaka pansi. Pansi pa mutu uliwonse padali foni, ndi zala zikuvina pagalasi.

"Pepani mayi," adatero mwana wa Nyani, "mukutchinga kuwala."

Tsiku limenelo chiwerengero chidali chopanda kanthu. Gologolo adakwera kumphako kwake, nayimba nyimbo ija mokwiya.

Patapita masiku atatu adalengeza zina: aliyense amene foni yake yatha moto aike mudengu, iye akaitchajira kwaulere. Dengu lidadzaza. Gologolo adalimanga chingwe, nalikokera pansonga penipeni pa muwanga, n'kukhala phee pambali pake. Posakhalitsa pansi pa mtengo padadzaza achinyamata, makosi atapindikira kumbuyo, akukuwa.

"Mayi wapampando, bwerani muwerenge! Maso onse ali kumwamba!"

Nyamalikiti adayamba kuwerenga, koma Nguluwe adamudula.

"Tayambani mwawafunsa chimene akuyang'ana."

Amene adayankha adali Namphuno, mwana wamkazi wa Nguluwe. Iye yekha ndiye adali woyang'ana pansi, pakuti khosi la nguluwe silipindikira kumwamba, koma pakamwa padalibe womuposa.

"Tikufuna mafoni athu! Ababa, gwetsani chimtengochi titenge mafoni athu!"

Onse adavomereza ndi mfuwu. Mawu amenewo adamulasa Gologolo kuposa nkhwangwa.

"Ndinati aufune okha," adatero Nyamalikiti, nabwerera.

Gologolo adatsitsa dengu, manyazi atamugwira. Adabweza mafoni imodziimodzi, ndipo pofika pa ya Namphuno adaigwiritsa pang'ono.

"Mwanawe, usanapite. Tandionetsa. Mumaonamo chiyani muno?"

Namphuno adamuyang'ana mokayika, koma katswiri sakana kuonetsa luso. Adaika foni pansi, nayamba kusewera gemu ndi nsonga ya mphuno yake, mwaliwiro loti Gologolo adachita chizungulire. Kanyama ka pagalasi kadalumpha, kadathamanga, kenako kadagwera m'dzenje.

"Ndafa," adatero Namphuno.

"Wafa?"

"Musadandaule, anti. Ndili ndi miyoyo itatu. Ikatha ndimadina batani ili, Yambiranso, basi zonse zabwerera."

"Nanga ife tikamalankhula za nyengo, bwanji simumva?"

"Timamva, anti, makutu tili nawo. Koma inu akuluakulu mumangoti dziko likutha, dziko likutha. Ndiye titani, tizilira? Muno ndikachita kanthu ndimaona pompo chimene chachitika. Kwanuko mumangotiuza kuti tikhale pansi timvere."

Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale mnansiyo atangotsala pang'ono kukugwetsera nyumba. Ulendo uno nyimbo ya amayi ake Gologolo adaiimba akuthamanga, kulunjika kwa Kangaude, mmisiri woluka ukonde umene mafoni onse ankalankhulirana.

"A Kangaude, mungandilukire gemu?"

"Yotani?"

"Yoti mwana akaiyamba asafune kuisiya, koma kuti aimalize aziyenera kutuluka m'nyumba."

"Imeneyo sindinaimvepo. Ana amafuna kukhala pansi."

"Ana amafuna kupambana. Kukhala pansiko tinawaphunzitsa ndife."

Kangaude adakanda mutu ndi miyendo iwiri nthawi imodzi. "Chabwino. Nanenso ulusi wanga waukulu ndinaumangirira pa muwanga womwewo. Ukagwa, tagwa tonse."

Gemuyo adaitcha Chizimalupsa. Moto wolusa unkathamangitsa wosewera, ndipo iye ankaponya njere m'maenje ngati akusewera ntchuwa. Pamene pamera mtengo, moto unkafooka. Kanyimbo kake kadali nyimbo ya amayi ake a Gologolo. Ndipo moyo udali umodzi wokha. Batani la Yambiranso Kangaude adafuna kuliika, koma Gologolo adakana kwamtuwagalu.

Tsiku loyamba achinyamata adaiseka. Tsiku lachiwiri palibe ankasewera ina. Tsiku lachitatu akatswiri adafika kumapeto kwa gawo loyamba, napeza chitseko chotseka, cholembedwa kuti: Kiyi ali m'nthaka yeniyeni. Tenga njere patsinde pa muwanga, kumba dzenje lofika m'bondo, idzale, ujambule chithunzi.

"Aaa, zabodza izi," adatero mwana wa Fisi. "Ine ndigwire khasu?"

Koma masana omwewo dzina la Namphuno lidaonekera pamwamba pa mndandanda wa akatswiri, ndi maenje khumi ndi awiri. Mphuno ija, imene inkangodziwa galasi, idakumbukira ntchito imene idabadwira. Mwana wa Fisi adakabwereka khasu kwa amalume ake, natuluka matuza m'manja koyamba chibadwire. M'mawa uliwonse Gologolo ankagwetsa njere kuchokera m'mphako, ndipo dzuwa lisanatenthe zinkakhala zitatha.

Chitseko chachiwiri chidali chovuta: chinkatseguka ndi chithunzi cha mbande ya masamba anayi. Apa ndiye padaoneka zinthu. Achinyamata amene sankadziwa njira ya kuchitsime adayamba kulimbirana zigubu. Adaphunzira okha kuti dzenje lophimbira ndi udzu limasunga chinyezi, nauzana pa mafoni omwewo. Ana a Mbuzi, amene sankatha kudutsa tsamba osalilawa, anzawo adawaikira alonda. Ena mbande zidawafera, ndipo adasakasaka batani loti azidzutsire, osalipeza. Mwana wa Nungu adalira misozi yeniyeni chifukwa cha kamtengo ka bwemba kosaposa chala. Ndipo kulikonse, pachitsime, panjira, pamaenje, kunkamveka nyimbo ya wokwirira woiwala ndi nthaka yosaiwala, oimbawo osadziwa n'komwe kuti mwini wake adali ndani.

Chitseko chachitatu chidati: Pita ukafunse wamkulu mmodzi funso limene sakulifuna. Sabata imeneyo akuluakulu adaona zakuda. Nyamalikiti yekha adafunsidwa kamakumi atatu kuti zilolezo zootchera makala amasaina ndani, mpaka adayamba kudwala mutu, mutu wake wakutali chonchija.

Nguluwe poyamba adakondwa kuti mwana wake wayamba kutuluka panja. Kenako adaona matope pamphuno pake.

"Iwe, ukumakumba chiyani?"

"Gemu, ababa."

"Gemu yake ya matope?"

"Dikirani ndimalize gawoli."

Mitambo itayamba kusonkhana, Gologolo adachita mantha. Maenje adalipo ambiri, inde, koma chigamulo sichidanene za maenje. Chidanena za maso makumi asanu awiriawiri oyang'ana muwanga. Ndiye achinyamata atamufunsa kuti gawo lomaliza lili kuti, lilime lake lidathamanga kuposa nzeru zake.

"Gemu yonseyi imakhala m'kabokosi m'mphako mwangamu. Kiyi womaliza adzaonekera pansonga tsiku la mvula. Koma mtengowu ukagwa, mapointi anu onse apita."

Limeneli lidali bodza lamkunkhuniza. Kangaude atamva adapukusa mutu.

"Imeneyo sindinaluke ine, mayi."

"Ndikudziwa. Ndidzapepesa mtengo utapulumuka."

Tsikulo lidafika. Kumwamba kudada, mphepo ikununkha mvula. Achinyamata adabwera oposa mazana awiri, onse makosi chagada, kufunafuna kiyi pansonga. Nyamalikiti adafika, Nguluwe ali pambuyo ndi nkhwangwa yonola.

"Werengani, mayi wapampando," adatero Gologolo.

"Musanawerenge," adatero Nguluwe, "khosi muli nalo. Tasuzumirani m'mphakomo, mutiuze za kabokosi kamene ana awa auzidwa."

Nyamalikiti adalowetsa mutu m'nthambi, nasuzumira. Adakhalitsa. Potulutsa mutu, nkhope yake idali yachisoni.

"Mulibe bokosi. Muli mankhusu okhaokha."

Pansi pa mtengo padamveka kung'ung'udza ngati njuchi zaputidwa.

"Anti, mwatinamiza?" adafunsa mwana wa Nyani.

Gologolo adali ndi mabodza ena atatu okonzeka kale pakamwa, ndipo onse adali abwino. Adawameza. Adatsika mpaka pa nthambi yapansi kuti onse amuone.

"Ndakunamizani. Bokosi mulibe, kiyi kulibe. Mapointi anu ali kwa a Kangaude, ndipo mtengowu ukagwa sachepa ndi imodzi yomwe. Ndinaopa kuti simubwera, ndiye ndinanama, ndipo ndalakwa. Chimene chinali muno ndi njere zimene amayi anga anandisiyira. Zonse zili m'maenje anu. Zatsala izi." Adatambasula dzanja, ndipo mudali njere zitatu. "Wofuna kupita apite. Palibe chimene ataye."

Ambiri adapitadi, ndipo ine sindiwaimba mlandu, pakuti palibe amene amakonda kupusitsidwa, makamaka kawiri ndi munthu mmodzi. Mwana wa Fisi adachoka akutukwana, akuonetsa aliyense matuza ake. Gologolo adawayang'ana akupita, ndipo adadziwa kuti nyumba yake waigwetsa ndi pakamwa pake.

Koma mwana wa Nungu, uja adalirira bwemba, sadasunthe.

"A Nguluwe, ndifunse nawo. Kanga kaja ndinadzalanso kena, ndipo kamera. Kakadzakula ngati uwu, mudzabweranso ndi nkhwangwa?"

"Mtengo ndi makala, mwanawe. Ukule kaye."

Mwana wa Nungu adangoika foni m'thumba, nakweza maso kuyang'ana muwanga, nayamba nyimbo ija. Mwana wa Mbawala adailandira. Ena amene adali atayamba kuchoka adaima, nabwerera mmodzimmodzi, aliyense akuganiza za dzenje lake. Ulendo uno pansonga padalibe dengu, padalibe kiyi, padali masamba basi.

Nyamalikiti adawerenga pang'onopang'ono, nabwereza kachiwiri.

"Makumi anayi ndi asanu ndi anayi."

Chiphaliwali chidang'anima. Nguluwe adalavulira m'manja, nagwira mpini.

"Chigamulo munanena nokha, mayi. Ngakhale mmodzi."

"Ndilipo ine," adatero wina kumbuyo.

Adali Namphuno, matope ali mbuu kumaso, mutu uli pansi monga mwa masiku onse.

"Ameneyo musamuwerenge," adatero Nguluwe. "Ndi mwana wanga. Ife a Nguluwe sitiyang'ana kumwamba chibadwire. Agogo ake anamwalira osauona mtambo."

Namphuno adayesa. Adakoka khosi mpaka mitsempha idatuluka, koma maso ake sadapitirire tsinde. Adayesanso, khosi lidakana. Gologolo adatseka maso.

"Ababa," adatero Namphuno akupuma mwawefuwefu, "funso la chitseko chachitatu sindinafunse aliyense. Ndinakusungirani inu."

"Si nthawi yake ino."

"Mtengowu ukagwa, batani la Yambiranso lili pati?"

Nguluwe adaloza foni ya mwana wakeyo.

"Foni imene ukunyadirayo inachokera m'makala," adatero. "Chakudya chimene wadya m'mawawu chinachokera m'makala."

"Ndikudziwa, ababa, ndipo ndikuthokoza. Koma mawa mudzaotcha chiyani? Uwu ndi womaliza. Ine ndakumba maenje makumi asanu ndi limodzi, ndi mphuno yomweyi munandipatsa inuyi. Bwerani mukawaone."

Adaika foni yake pansi chafufumimba. Adayenda mpaka patsinde, pamene padali chizindikiro cha nkhwangwa ya bambo ake, nadzigwetsa pomwepo, nagubuduka mpaka kugona chagada, miyendo inayi m'mwamba. Ena adafuna kuseka, koma palibe adaseka.

Namphuno ankayang'ana nthambi, masamba akugwedezeka, ndi mitambo yakuda kuseri kwake.

"Ababa," adatero motsitsa mawu, "kodi kumwamba n'kotere?"

"Makumi asanu," adatero Nyamalikiti.

Dontho loyamba la chizimalupsa lidagwera pamphuno pa Namphuno.

Achinyamata adakuwa, nyimbo idakwera, mvula nayo idatsika osanyengerera. Gologolo adakumbatira nthambi yake, nalira ngati tsiku limene adaika amayi ake. Nguluwe yekha ndiye adaima njo, nkhwangwa ili m'manja, madzi akuyenderera pampini, akuyang'ana mwana wake ali gone pamene iye adafuna kutema. Adaima nthawi yaitali. Kenako adatsamiritsa nkhwangwa pamwala, nayandikira.

"Tasendera," adatero.

Namphuno adasendera. Nguluwe adagwada movutikira, nagubuduka ndi kubuula kwa munthu wamkulu, mpaka naye adagona chagada m'matope pambali pa mwana wake. Madzi adali kuyenderera m'maso mwake, ndipo ngati idali mvula yokha, iye ndiye akudziwa.

Gologolo adapukuta misozi, natsetsereka ndi tsinde mpaka pamwamba pawo. Adatambasula dzanja, ndipo njere zitatu zija zidagwera pamimba pa Nguluwe.

"Gawo loyamba, a Nguluwe. Dzenje lofika m'bondo."

Nthano yathera pamenepa. Amene anaika mbatata pamoto akaphule, ndipo amene ali ndi njere m'dzanja akudziwa kumene kuli khasu.